Masipuling'i a pa Mtakataka ndi makona a Khwekhwelele

Nthawi yokolola mpunga, galimoto za pa Mtakataka sizibisa ntchito yake. Yochokera ku minda ya Bwanje Valley imafika itakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, matayala akumbuyo atalowa m'madigadi. Yotula kale katundu imadutsa kumbuyo kuli njo, ikudumphadumpha pa kabampu kalikonse. Kawirikawiri imakhala galimoto yomweyo, m'mawa ina, masana ina.

Zonse pano zatsamira pa msewu wa M5, wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Njanji ikuyenda chakufupi, mapiri a Dedza atchinga kumadzulo, ndipo kum'mawa chigwa chatambalala mpaka kunyanja. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Mpunga wake sutuluka pamutu. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, ndipo tani imodzi ndiwo malire a pikiapu wamba. Ndinawerenga matumba pa ina imene inaima pafupi ndi msika: anapitirira pamenepo, pamwamba pake patakhalanso anthu ndi njinga.

Kuseri kwa malo omata matayala kuli mthunzi umene amakaniki anausandutsa galaja. Pansi pali mafuta akuda osakanizika ndi fumbi, jeke, zitsa zochirikizira galimoto, ndi mulu wa zitsulo za masipuling'i zochotsedwa ku galimoto zakufa. Ndinapeza Hilux yakale itakwezedwa kumbuyo, bambo wina wachikulire atamasula mabauti omanga sipuling'i ku ekiselo. Sipuling'i ya galimoto zotere ndi zitsulo zazitali zosanjikizana, chachitali pamwamba, zazifupi pansi, zomangidwa ndi bauti mmodzi pakati. Iwo amalowetsapo chitsulo china, mwina ziwiri, nasintha bauti wapakatiyo kuika wamtali. Chitsulo chikatopa n'kuwongoka amachigoneka pa chitsulo chinzake cholemera, nachimenya ndi hamala pang'onopang'ono mpaka chitapindikanso.

"Bambo, mukawonjezera kumbuyo, kutsogolo mumakhudzako?" ndinafunsa.

"Kutsogolo kumanyamula injini, achimwene. Injini siinenepa."

Anyamata awo anaseka. Yankholo lili ndi nzeru zake, pakuti mwini galimoto wabwera ndi dandaulo limodzi: ikugunda pansi ikasenza. Akachoka pano siigundanso, ndipo ndalama yake yagwira ntchito. Minibasi ya Hiace imalandira mankhwala omwewo. Sienta, imene opanga anaiikira mipando 7 koma kuno imadziwa anthu ochuluka kuposa apo, ili ndi masipuling'i opota kumbuyo, ndiye ena amaika a galimoto yolemerapo, ena amapanikiza zidutswa za labala pakati pa mapotedwewo kuti isamatsike. Zimene sizikambidwa pamthunzipo n'zakuti galimoto yolimbitsidwa mbali imodzi yasinthanso kakhotedwe kake.

Pa Mtakataka palibe bwalo la mpikisano wa galimoto. Koma amene anagwirako ntchito m'magalaja a ku Joni anamvapo za Kyalami, bwalo la pafupi ndi Johannesburg limene linatsegulidwa mu 1961 ndipo linachititsa mpikisano wa Formula One komaliza mu 1993, kapena Zwartkops ya kufupi ndi Pretoria. Kumeneko kuli masiku amene munthu wamba amalipira, navala chipewa cholimba, n'kuthamangitsa galimoto yakeyake mozungulira bwalo. Anthu amenewa amataya ndalama ndi tulo pa funso limodzi: galimoto ikafika pamapeto a mphamvu ya matayala ake pakona, ndi mbali iti idzayambe kutaya msewu? Ikayamba yakutsogolo, woyendetsa amapinda chiwongolero koma galimoto imangopitirira kunja kwa kona. Ikayamba yakumbuyo, kumbuyoko kumatsetsereka kufuna kupitirira mutu. Chimene amafuna n'chakuti mbali zonse ziwiri zitope pamodzi, ndipo zichenjeze munthu zisanamusiye.

Lamulo limene amayendera ndi losavuta kulinena. Pakona kulemera kwa galimoto kumathawira ku matayala akunja. Tayala likasenzetsedwa kawiri siligwira msewu kawiri, limaperewera. Choncho matayala awiri ogawana katundu mofanana amagwira bwino kuposa awiri amene lina lapanikizika lina lili lende. Tsono mbali imene ili yolimba kwambiri ndiyo imalandira gawo lalikulu la kulemera kothawako, ndipo ndiyo imayamba kutsetsereka. Wa ku Kyalami akaona kuti galimoto ikukana kulowa m'kona amafewetsa kutsogolo kapena kulimbitsa kumbuyo pang'ono, kawirikawiri pa chitsulo cha sitebilaiza, chija chopingasa chimene chimalumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere. Amasintha chinthu chimodzi, nazungulira bwalo, nalemba m'buku, kenako n'kusintha china. Bambo a pamthunzi aja amachita chimodzimodzi, kungoti amalimbitsa kwambiri nthawi imodzi, ndipo woyesa ndi dalaivala ali ndi anthu m'galimoto.

Ikasenza mpunga, Hilux ija ili bwino ndithu, mwinanso kuposa kale, chifukwa zitsulo zowonjezerazo zapeza ntchito. Vuto ndi ulendo wobwerera. Kumbuyo kulibe kanthu, masipuling'i ndi a galimoto ya matani awiri, ndipo tayala likaponda mwala silimira m'mwamba mofewa koma limanyamula galimoto yonse. Tayala limene lili m'malere silikhota ndipo siligwira buleki.

Ndinakwera minibasi yolowera kummwera, ndinakhala kutsogolo dala. Tinadutsa pokhotera ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902 ndipo Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Alendo opita kukaona zigoba za gule wamkulu amabwera pa galimoto zazitali zofewa, zimene zimameza maenje munthu wam'katimo osasiya kucheza. Ife tinkawamva onse. Pa bampu lililonse kumbuyo kunkakwera n'kutsika katatu kanayi kusanakhazikike, chizindikiro chakuti mashoko anatha kalekale. Anthu ambiri amaganiza kuti shoko imanyamula galimoto. Ayi, imanyamula ndi sipuling'i; shoko ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangovina, pokankha mafuta kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Sipuling'i ikalimbitsidwa imafuna shoko yamphamvu kuposa yakale, koma pano imapatsidwa yomwe ija yodontha, chifukwa shoko yatsopano ndi ndalama yooneka pamene chitsulo cha pamulu n'chotsika mtengo. Sindikuwaweruza eni galimoto. Amene sanagulepo dizilo wa minibasi asafulumire kulankhula.

Pa Golomoti magalasi a magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, amanyezimira patali. Apa msewu wina ukulowera ku Monkey Bay, wina ukukwera phiri kupita kwa Masasa pa M1. Wokwera phiriwo ndiwo anthu amautcha Khwekhwelele. Nyanja ili pa mamita osafika 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, tauni ya Dedza ili cha pa 1,600, ndipo gawo lalikulu la kusiyanako limakweredwa pa msewu umenewu, kona pamwamba pa kona, phompho lili mbali iyi kenako mbali inayo.

Ife tinakhotera msewu wa kuphiriwo. Pokwera palibe zambiri: giya yachiwiri, utsi, injini kulira. Ndinkayang'ana otsika. Potsetsereka kulemera kumapita kutsogolo, ndipo buleki imawonjezera pomwepo, kotero kuti kumbuyo kumapepuka pa nthawi yeniyeni imene kona ikufuna kuti kugwire. Pikiapu ina yopanda katundu inatsika patsogolo pathu, ndipo pakona tayala lake lakumbuyo lam'kati linkangokhudza phula, likulira. Panali padzuwa. Mvula ikagwa, kapena mchenga ukakokolokera pamsewu, kulira kumeneko sikumveka, galimoto imangotembenuka. Lole yodzaza kabichi inali ndi vuto lina: katundu wautali anaipendeketsa mpaka bodi kutsala pang'ono kukhula tayala lakunja, dalaivala akudula kona kulowa mbali yathu kuti achepetse kupendekako. Fungo la mabuleki opsa linatsala m'mphepo atadutsa.

Minibasi yathuyo inali ndi matumba a mpunga kuseri kwa mpando womaliza, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Aliyense amene anapalasapo njinga itasenza thumba la makala kumapeto kwa kaliyala akudziwa mmene tayala lakutsogolo limapepukira, chiwongolero n'kumangoyandama m'manja. Katundu wokhala kuseri kwa ekiselo yakumbuyo amachita zomwezo pa minibasi. Dalaivala wathu ankayamba kupinda kona isanafike, nadikira kuti mutu umvere. Anaizolowera galimoto yake, ndipo luso lake linali lenileni, koma linali luso lokambirana ndi chilema chimene chikanatha pongosuntha matumba aja.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti za ku Kyalami si masewera a anthu olemera okha. Zida zawo n'zodula, inde. Amaimika galimoto pa masikelo anayi, tayala lililonse pa sikelo yake, nasintha msinkhu wa masipuling'i mpaka kulemera kwa tayala lakutsogolo kumanja pamodzi ndi lakumbuyo kumanzere kukhale theka la kulemera konse, kuti galimoto izikhota mofanana mbali zonse. Amapendeketsa matayala akutsogolo madigiri 2 kapena 3, pamwamba kulowa m'kati, kuti pakona tayala lakunja liponde ndi nkhope yake yonse. Akatuluka m'bwalo amayeza kutentha kwa tayala malo atatu, m'kati, pakati ndi kunja. Koma zambiri mwa zimene zidazo zimanena, womata matayala wa pa Mtakataka amaziwerenga ndi chikhatho. Tayala lodyeka pakati lapopedwa mopitirira. Lodyeka m'mbali zonse ziwiri limayenda ndi mpweya wochepa. Lodyeka mbali imodzi likunena za alayimenti kapena mabushi otha. Lokhala ndi zigambazigamba zodyeka mozungulira likuneneza mashoko. Amadziwa zonsezi, kungoti safunsidwa. Amauzidwa kuti amate, apope kwambiri, galimoto ikuchedwa.

Mpweyawo nawonso sukhala chimodzimodzi. Kutentha kukakwera madigiri 10, mpweya wa m'tayala umakwera pafupifupi 0.1 bar, n'chifukwa chake a m'mabwalo amayeza tayala likadali lotentha. Tayala lopopedwa m'chisanu cha m'mawa ku Dedza limafika pa Golomoti masana litatenthedwa ndi mabuleki ndi phula la m'chigwa, lolimba kuposa mmene linanyamukira.

Kwa Masasa kunali kamphepo kozizira, amayi atandanda mbatata ya kachewere ndi tomato m'mbali mwa msewu. Minibasi ina yotsikira ku Golomoti inkapakira. Mwini matumba a mbatata ankafuna kuti akhale kumbuyo, kuti asavutike potsitsa. Dalaivala wake, bambo wa imvi m'mutu, anakana. Anatsitsa anthu a mpando wapakati, matumba awiri analowa pansi pa mpandowo, limodzi kuseri kwa mpando wake, ndipo mayi wina wonenepa anamupempha mwaulemu kuti achoke kumbuyo akhale pakati. Kondakitala anadandaula kuti nthawi ikutha ndipo minibasi ina iwalanda anthu.

"Ailande," anatero bamboyo. "Iwe tenga thumba linalo, kumbuyoko kukhale madengu a tomato okha."