LUMO LA ATATE

Caka catha, pamene tinatsegula bokosi la malemu atate athu, tinapezamo lumo lao lopinda, lokulungidwa m'kansaru. Analigula akali mnyamata, ali ku nchito ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Pa citsulo cace panalembedwa dzina lakuti Sheffield, ndiwo mzinda wa ku England womveka ndi kusula mipeni kuyambira kale. Koma dzimbiri linaphimba theka la dzinalo, ndipo cogwirira cace ca nyanga cinali couma ndi cotuwa.

Acimwene athu anati, "Litayeni, malezala sasowa ku sitolo." Sananame iai; pakuti ciyambire masiku a King Gillette wa ku America, amene anayamba kugulitsa malezala otaya akabuntha m'caka ca 1903, malumo otere akhala alikucepa. Koma ife tinakumbukira m'mawa wa Loweruka, atate alikumeta ndebvu patsinde pa mango, ife ana tirikulimbirana kuwagwirira kalilole; ndipo mtima unakana.

Poyamba tinafuna kumuka nalo ku makina onolera nkhwangwa, kuti nchito ithe msanga. Mmisiri wina wokalamba anatiletsa, nati, "Mwana wanga, musatero. Citsulo copyapyala cotere cikatentha cisanduka cobiriwira, nicifewa, ndipo sicidzagwiranso kuthwa."

Cifukwa cace tinagoneka lumo pa thabwa, ndi kudonthezapo mafuta a makina osokera, ndi kulikwecha ndi sandipepa, kuyamba ndi wokhakhala, kutsiriza ndi wosalala. Madzulo atatu anapita. Dzimbiri lofiira linacoka, dzina lija linaoneka lonse, ndi nyanga inamwa mafuta niyambanso kunyezimira. Koma kufupi ndi msana wa lumo kunatsala timaenje takuda, ndipo msanawo unali wophwathalala, wodyeka ndi mwala umene atate analinolerapo zaka zonse zija.

Pamenepo tinaima. Kufafaniza timaenje tija kukadatha citsulo cambiri, ndi lumo likadafoka. Ndipo siticita kanthu pometa, popeza tiri kutali ndi mbali yakuthwa. Kudyeka kwa msana nako ndiyo nchito ya manja a atate. Tinazisiya zonsezo monga tinazipeza.

Kunatsala kunola. Lumo silinoledwa monga cikwanje. Ligonekedwa pa mwala wosalala wonyowa, kuti msana ndi mbali yakuthwa zikhudze mwala pamodzi. Mbali yakuthwa itsogola, dzanja osalemera, ndipo potembenuza litembenukira pa msana. Pa lamba wa cikopa atsogola ndi msana. Ife tinaiwala ici kamodzi, ndipo lamba wathu ali ndi bala kufikira lero.

Inu owerenga amene musunga lumo lotere, kumbukirani ziwiri izi. Mukatha kumeta, lipukuteni liume, nimulipake mafuta pang'ono, pakuti citsulo ici cicita dzimbiri msanga. Ndiponso lumo lisabwerekedwe, ngakhale kwa mbale, popeza ziripo nthenda zoyenda m'mwazi.

Loweruka lina tinakhala patsinde pa mango womwe uja ndi sopo ndi madzi ofunda. Acimwene anafika, natenga lumo, nayang'anitsitsa msana wace wodyeka nthawi yaitali, osanena kanthu. Pambuyo pace anatibwezera, nati, "Patseni kaliloleyo, ndikugwirireni."