Alexander anagonjetsa maiko, nanga ogonjawo anati chiyani?



Filimu ya Alexander, imene Oliver Stone anatulutsa mu 2004, ndi ya maola pafupifupi atatu, koma ndaionera yonse osadzuka pampando. Nkhondo ya ku Gaugamela, ya mu 331 Khristu asanabadwe, anaijambula mochititsa nthumanzi: fumbi lili koboo, mikondo italiitali ili ndandanda, chiwombankhanga chikuzungulira m'mwamba, mfumu Darius ya ku Persia n'kuliyatsa liwiro.

Komatu chimene chandisowetsa mtendere si magazi ayi. Ndi Aristotle, mphunzitsi ngati ife, ataimirira pamaso pa anyamata n'kumawauza kuti Aperezi ndi anthu otsika. Agiriki ankatchula munthu aliyense wosalankhula Chigiriki kuti barbaros, poti m'makutu mwawo zonena zake zinkangomveka "bar-bar". Mawu oti bárbaro a m'Chipwitikizi anachokera pomwepo. Ndiye kuti lupanga lisanasololedwe, anawo anali atamva kale m'kalasi kuti wolankhula zachilendo si mnzawo. M'filimumo Alexander akukula n'kukana ena mwa maganizo amenewa, mpaka kukwatira Roxana wa ku Bactria, koma akuluakulu a asilikali ake ambiri sanawataye.

China n'chakuti wosimba nkhani yonse ndi Ptolemy, kazembe wake wankhondo, atakalamba ali phee ku Alexandria, mlembi akulemba. Wopambana ndiye ali ndi cholembera. Mzinda wa Tyre unazingidwa miyezi 7 mu 332, ndipo utagwa anthu miyandamiyanda anagulitsidwa ukapolo. Mayi wa kumeneko akanapatsidwa mlembi, dzina loti "Wamkulu" tikanalimva kodi?

Amene ndawamvera chisoni kwambiri ndi asilikali aja anakana kupitirira ku India mu 326. Anali atatha zaka 8 osaona kwawo, mvula ikuwavumbwa, njovu atazilawa kale. Sanapemphe golide. Ankangofuna kukaona ana awo.

Alexander anamwalira ku Babylon mu 323 ali ndi zaka 32, ndipo akazembe ake anagawana ufumuwo ngati nyama ya pamaliro. Chimene chinakhalitsa ndi chilankhulo. Chigiriki chinasanduka cha boma ndi cha malonda, moti patapita zaka zoposa 300 Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki. Banja la Ptolemy linalamulira Egypt zaka pafupifupi 300, koma malinga ndi Plutarch, mafumu a m'banjamo Cleopatra asanabwere sankavutika n'komwe kuphunzira chilankhulo cha eni nthaka, chonsecho Cleopatrayo ndiye anali wotsiriza kulamulira. Tangoganizani alimi a m'mbali mwa Nile akukhoma msonkho mibadwomibadwo kwa mafumu osatha kuwalonjera!

Filimuyi ionereni, koma ana a sukulu ya pulayimale musaonere nawo, muli zoopsa ndi za akuluakulu. Amene munaionera kale, tandiuzani: munaima mbali ya ndani?