Kope la Wophunzira Ntchito ya IT pa Esiteti ya Tiyi ku Thyolo

Lolemba

Ofesi ya IT pa esiteti pano ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa ofesi ya malipiro. Muli seva ziwiri, switch, ndi UPS yolemera moti munthu mmodzi sangaisunthe. Abwana amene akundiphunzitsa ntchito sanandilole kukhudza kiyibodi. Anandipatsa tochi, nati nditsate chingwe chilichonse kuchokera pa switch mpaka komwe chathera, ndilembe m'kope. Ndinanyinyirika chamumtima. Ku yunivesite ya MUST, ku Ndata kuja, sitinapite kukaphunzira kukwawa pansi pa matebulo. Koma pofika masana ndinali nditadziwa kuti fakitale ndi ofesi ino zimalumikizana ndi chingwe chimodzi basi, chodutsa kudenga komwe kumagona makoswe.

Lachiwiri

Lero ndamvetsa chomwe pulogalamu ya SharePoint imachita pano. Ino ndi Januwale, tiyi akuphuka kwambiri, ndipo othyola amafika ndi madengu pa sikelo kangapo patsiku. Kalaliki amalemba makilogalamu a munthu aliyense, manambalawo amapita ku ofesi ya malipiro, ndipo ndi omwewo amasanduka ndalama. Abwana akuti kale fayilo ya Excel inkayenda pa flashi ndi pa WhatsApp, mapeto ake fayilo imodzi inkakhala ndi makope atatu osiyana manambala, aliyense n'kumati langa ndiye loona. Panopa fayilo ndi imodzi, imakhala pa seva. Wina akasintha nambala, seva imasunga mmene fayiloyo inalili poyamba, dzina la wosinthayo ndi nthawi yake.

“Mwana wanga,” anatero abwana, “kilogalamu ikasowa apa, ndiwo zasowa kunyumba kwa munthu.”

Chondivuta ndi zilolezo. Foda yamkati imatengera zilolezo za foda yaikulu, pokhapokha wina atadula chibalecho. Akadula, foda ija imayamba kuyenda payokha, ndipo ukawonjezera munthu pamwamba iye saona mkati. Pa pepala ndikumva. Pa sikirini maso amandizungulira. Lamulo la abwana n'lakuti chilolezo chiperekedwe ku gulu, osati kwa munthu: gulu la akalaliki, gulu la amalipiro, gulu la mamanijala. Munthu akachoka ntchito umangomuchotsa m'gulu. Ndaonanso kuti aliyense wovala tayi amafuna chilolezo chosintha chilichonse, ngakhale fayiloyo amangoiwerenga kamodzi pamwezi. Kuwakaniza mwaulemu ndi luso lomwe silinali pa silabasi.

Lachitatu

Amayi a ku ofesi ya sitolo anaimba foni kuti kompyuta ikukana pasiwedi. Ine mutu unathamangira ku vayirasi. Abwana anangofunsa kuti, “Mayi, pa sikirinipo pakuti nthawi ili bwanji?” Wotchi ya kompyutayo inali itabwerera zaka zingapo m'mbuyo. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira, CR2032, kosunga nthawi magetsi akathima. Kakatha mphamvu wotchi imasokonekera, ndipo pa netiweki ya Windows seva imakana kompyuta yomwe nthawi yake yasiyana ndi yake kupitirira mphindi 5. Tinasintha kabatireko, tinakonza wotchi, amayiwo analowa.

Mafunso a abwana amayenda mofanana nthawi zonse: magetsi alipo? chingwe chalowa bwino? chasintha n'chiyani chichokereni dzulo? vutoli lili pa munthu mmodzi kapena pa onse? Akandiuza kuti ndione adiresi ya IP, ndikapeza ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku DHCP, ndibwerere ku chingwe ndi switch ndisanayambe kunamizira intaneti.

Lachinayi

Mvula ya ziphaliwali madzulo onse. Ndimaganiza kuti UPS ilipo kuti ntchito ipitirire magetsi akathima. Ayi ndithu. Ntchito yake ndi kugwiriziza seva mpaka jenereta italira, kapena kupereka mpata woti seva izimitsidwe mwadongosolo, chifukwa database ikadukizidwa ili mkati molemba imatha kuwonongeka. Mabatire ake amatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, ndipo amafa mwakachetechete, ukadzazindikira tsiku lomwe ukuwafuna. Abwana amawakumbukira bwino masiku a pambuyo pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pomwe siteshoni ya Kapichira inawonongeka ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Akuti ndi nthawi imeneyo pomwe anaphunzira kusamala mabatire kuposa seva yeniyeniyo.

China chomwe sindinkachidziwa: mphenzi imalowanso kudzera m'chingwe cha netiweki, makamaka chodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri. N'chifukwa chake iwo akulimbikira kuti chingwe cha ku fakitale chisinthidwe chikhale cha fibre, poti galasi silinyamula magetsi.

Printa nayo imadana ndi nyengo ya kuno. Mapepala amamwa chinyezi, amamatana, n'kukodwa mkati. Mankhwala ake ndi kusunga mapepala m'paketi yotseka, osawasiya mu tileyi usiku wonse. Akuti nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, ndiye zimanyanya.

Lachisanu

Tsiku la mafoni, ngakhale si ntchito yathu. Akapitawo ena anabwera ndi foni yosatchaja, atatsimikiza kale kuti batire yafa. Munali fumbi la tiyi ndi tiulusi ta m'thumba todzaza pa kabowo ka chaja. Kamtengo kotokosera m'mano kanathetsa nkhaniyo. Wina foni yake inanyowa m'munda. Abwana anamuuza kuti aizimitse, achotse SIM, asaitchaje mpaka itaumiratu, ndipo zoika foni mu mpunga aziiwale. Nkhaniyi ikafala pa esiteti, sindikudziwa ngati tidzapeze nthawi ya seva.

Madzulo tinakambirana nkhani yaikulu: seva ikhalebe pano kapena zonse zipite ku Microsoft 365. Microsoft inalengeza kuti isiya kutulutsa zigamba za chitetezo za SharePoint Server 2016 ndi 2019 pa 14 Julayi 2026, monga inachitira ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ndipo mu Julayi 2025 mbava za pa intaneti zinalowa m'maseva ambiri a SharePoint padziko lonse kudzera pa chibowo chomwe chinatchedwa ToolShell. Chinakhudza maseva osungidwa m'maofesi ngati athuwa, osati a ku Microsoft komweko. Pamenepo ine ndinati tisamuke basi.

Abwana anaseka. Laisensi ya Microsoft 365 imawerengedwa pa mutu wa munthu aliyense, mtengo wake umatsata dola, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komanso intaneti ikaduka tsiku lokonza malipiro, seva ya m'chipinda muno imagwirabe ntchito. Ndinatchula Starlink, yomwe inafika m'Malawi mu 2023. Anavomera kuti yathandiza madera ngati a ku Makwasa ndi Thekerani, koma anati mvula yamphamvu nayo imaifooketsa, ndipo mvula yamphamvu imagwa m'miyezi yomweyi ya masamba ambiri. Ndikuonabe kuti kusamuka n'kwabwino, poti munthu mmodzi sangakwanitse kulondera seva usana ndi usiku. Koma mfundo ya dola sindinathe kuiyankha.

Loweruka

Theka la tsiku. Bakapu imachitika usiku uliwonse: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kunja kwa nyumba ino. Abwana akuti uthenga wobiriwira wonena kuti bakapu yatheka sakuukhulupirira mpaka ataona fayilo itabwereradi. Andipatsa ntchito ya Lolemba: ndibweze fayilo ya makilogalamu a mwezi wa Novembala pa kompyuta yoyeserera, ndifananize manambala ake ndi a m'buku la kalaliki, mzere ndi mzere.