Kudetsa dzino kuti lisazulidwe

M'makomboni a ku Darwendale anthu amandidziwa ngati wozula mano. Sindikana, ndazula ambiri. Koma ntchito imene ndimaikonda ndi ina, ndipo ndi yomwe anthu amaikayikira kwambiri: kupaka mankhwala opha tizilombo pa dzino lomwe layamba kubowoka, lisanafike pomugoneka munthu ndi dzanja patsaya.

Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzalima fodya m'mapulazi a azungu kuno, ndipo ine ndinakulira ku komboni ndisanapite ku Harare kukaphunzira za mano. Nchifukwa chake nkhalamba za kuno zimamasuka nane. Zikakhala pampando zimasiya Chishona n'kuyamba Chichewa, n'kundiuza kuti m'dzino mwalowa kanyongolotsi kamene kakufukula usiku. Sinditsutsana nazo kwambiri, chifukwa sizinaphonye patali. Chamoyo chilimodi, kungoti sichioneka ndi maso ndipo sichiluma. Ndi mabakiteriya okhala mu zoyera zija zomata m'mphepete mwa usinini. Wotchuka mwa iwo ndi Streptococcus mutans, amene Clarke wa ku England anamutcha dzinali mu 1924. Kachilomboka kakalandira shuga kamatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula chikutiro cholimba cha dzino. Malovu amayesetsa kubwezeretsa zomwe zasungunuka, koma amafuna nthawi. Mwana amene akuyamwa switi m'mawa, firiziti popita kusukulu, Mazoe masana, tiyi wa masupuni anayi madzulo, sawapatsa malovu mpata. Amene amadya shuga yense pa nthawi imodzi ali bwinoko kuposa wongonyambita tsiku lonse. Choipitsitsa ndi botolo la tiyi wotsekemera lomwe khanda limagona nalo kukamwa, pakuti usiku malovu amachepa.

M'chikwama changa muli mankhwala a mitundu ingapo, koma sindiwalemekeza mofanana.

Chlorhexidine ndiye amene anthu amamufuna, chifukwa ndi wochukucha ndipo amawawa mkamwa ngati mankhwala enieni. Anapangidwa ndi kampani ya ICI ku Britain m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1970 Löe ndi Schiøtt anaonetsa ku Denmark kuti kuchukucha wa 0.2 peresenti kawiri pa tsiku kumaletsa zomata zija kuunjikana. Pa usinini wotupa ndi wotuluka magazi, kapena munthu akazulitsa dzino ndipo sangathe kutsuka bwino, amathandiza kwabasi: mamililita 10, mphindi imodzi, osameza, masabata awiri basi. Akapitirira amathimbiriritsa mano ndi lilime, nsima n'kuyamba kusakoma. Osamuchukuchanso munthu atangotsuka ndi Colgate, chifukwa thovu lake limamufooketsa. Pazipita theka la ola. Koma pa nkhani yoletsa kubowoka kwa mano, ine sindimudalira. Amachepetsa tizilombo lero, pakatha masabata tabwereranso, shuga ali pomwepo akutidikira. Munthu wogula botolo limeneli mwezi ndi mwezi akanachita bwino kugula mswachi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.

Amene ndimamudalira ndi silver diamine fluoride, ife timangoti SDF. Ndi madzi a m'kabotolo kakang'ono, a mphamvu ya 38 peresenti. Siliva amapha tizilombo, fluoride amalimbitsa pomwe pafewa. Anthu a ku Japan, pa yunivesite ya Osaka, ndiwo anamupanga, ndipo akhala akumugwiritsa ntchito kuyambira cha m'ma 1970. America inamuvomereza mu 2014, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Safuna magetsi, safuna jakisoni, safuna makina obowolera aja amene kulira kwake kokha kumathawitsa mwana. Kwa ife ogwirira ntchito m'kalasi ya sukulu ya pa pulazi, mwana atagona pa benchi mutu uli pamiyendo yanga, chimenechi si chaching'ono.

Kapakidwe kake nkosavuta kukafotokoza, koma dzanja limafuna kuzolowera. Ndimapaka Vaseline pamilomo ndi pausinini, n'kutchinga dzino ndi thonje mbali zonse kuti malovu asafike. Kuumitsa ndiye luso lenileni. Pakamwa pa mwana wa zaka zinayi pamasefukira ngati chitsime cha m'dambo, ndipo mankhwala akasakanikirana ndi malovu aonongeka, mwanayo n'kumva kuwawa kwa chitsulo, osatsegulanso pakamwa. Pakauma ndimaviika kaburashi m'dontho limodzi, n'kupaka m'bowomo pafupifupi mphindi imodzi, kenako n'kupukuta otsala. Dontho limodzi limakwanira mano angapo. Likagwera pakhungu limasiya banga lomwe limatha lokha pakapita masiku, koma pa malaya silichoka mpaka kalekale.

Vuto lake ndi limodzi: pomwe panawola pamada bii, ndipo sipayeranso. Apa ndi pomwe pagona ntchito yanga yambiri, kuposa kupakako. Ndisanatsegule botolo ndimawaonetsa makolo chithunzi cha dzino lopakidwa kale.

"Adokotala, mukufuna mwana wanga azisekedwa kusukulu?" anandifunsa mayi wina, mwana wake ali ndi mabowo m'mano anayi akutsogolo ndi ena akumbuyo.

"Mayi, akutsogolowa adzaguluka okha akamafika zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Tikawasiya chonchi afika pa mtsempha asanaguluke, ndiye mudzabwera naye atatupa."

Anavomera akumbuyo okha, akutsogolo anakana. Sindinawakakamize. Kwa mano akutsogolo a mtsikana wamkulu, ngakhale ine ndimazengereza. Koma kwa mano otafunira a ana, ndi kwa agogo omwe usinini unatsika mizu n'kuyamba kuwola, sindinaonepo china choposa pamenepa.

Bowo likakhala lakuya moti nsima ikukakamiramo, ndimalitseka. Ndimapala zofewa ndi kasupuni kachitsulo, n'kusakaniza ufa ndi madzi a glass ionomer, n'kukanikiza ndi chala chopaka Vaseline, munthu n'kukhala ola limodzi osadya. Njira imeneyi, yotchedwa ART, si yachilendo m'dziko lino. Jo Frencken wa ku Netherlands anaiyambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'ma 1990 anaiyesa pamodzi ndi anzake a ku Zimbabwe pa ana a m'sukulu za sekondale za ku Harare. Anthu ena ogwira ntchito m'zipinda zozizira za m'tauni amaiyesa njira ya amphawi. Asiyeni, iwo magetsi akathima ali ndi jenereta.

Pali mano omwe sindipaka n'komwe. Dzino lopweteka lokha usiku, lotulutsa kachithupsa ka mafinya pausinini, kapena lotupitsa tsaya, tizilombo tafika kale mkati momwe mankhwala opaka sangalowe. Limenelo ndi lozula kapena lokonza mizu, ndipo kutupa kukatsikira kukhosi munthu azithamangira kuchipatala ku Chinhoyi kapena ku Harare tsiku lomwelo. Tsoka lake, ambiri amafika pamenepa, atayesa kale kuika fodya wa mphuno, asipirini, ngakhale madzi a batire m'bowo. Asipirini woika pausinini amangowotcha mnofu.

SDF amafuna kubwereza kawiri pa chaka, ndipo apa ndi pomwe ntchito imandithawa. Chiyambire kugawidwa kwa mapulazi mu 2000, mabanja ambiri a ku komboni sakhazikika. Lero ali pa geredi ya fodya, mawa atsatira ganyu ya kromu ku Great Dyke, ena ali pa nsomba ku damu la Manyame. Mwana amene ndinamupaka nthawi yokolola sindimupeza nthawi yowokera. Ndiye ndimalemba tsiku lobwerera pa khadi lake la kusikelo, lomwe mayi sataya, ndi dzina la mankhwala m'zilembo zazikulu kuti aliyense wodzamuona kwina asadzazule dzino lakudalo poganiza kuti lawola. Amene abwerera ndimawagogoda pakudapo ndi kachitsulo kosongoka. Pakakhala pofewa ndimapakanso n'kufunsa za botolo la usiku. Pakalimba gwa, ndimapakabe kachiwiri, n'kuitana wotsatira.