Pawindo lodulira matikiti

Ntchito yanga ndi yodulira anthu matikiti a sitima pasiteshoni ina kunja kwa London. Kwathu pa Wenela kapena padepoti ya Lilongwe umangotchula kumene ukupita, kondakitala n'kukuuza mtengo, basi. Kuno ulendo umodzi womwewo uli ndi mitengo ingapo, ndipo chosiyanitsa ndi liwu limodzi la Chingerezi losindikizidwa pakakhadi ka mizere ya olenji. N'chifukwa chake ndisanagwire makina ndimayamba ndafunsa: mupita liti, nthawi yanji, mubwerera lero kapena tsiku lina?

Single ndi yopita kokha, return ndi yopita ndi kubwerera. Awa aliyense amawagwira msanga. Pomwe anthu amapunthwa ndi pa mawu atatu awa: Anytime, Off-Peak ndi Advance. Anytime mumakwera nayo nthawi iliyonse, koma mtengo wake umaluma. Off-Peak ndi ya nthawi imene chipwirikiti cha opita kuntchito chatha. Panjira zambiri imayamba cha m'ma 9:30 m'mawa, pomwe Loweruka ndi Lamlungu imagwira tsiku lonse. Advance ndiyo yotchipa, koma imakumangirirani pa sitima imodzi, tsiku limodzi, nthawi imodzi.

Liwu lomalizali ndi limene limandisowetsa mtendere. M'mawa wina kukuzizira koopsa, pawindo panga panaima mayi wachikulire, chitenje chikuonekera kunsi kwa jasi, tikiti ikunjenjemera m'manja. Ndinawamva akuti chapansipansi, "Mayo ine, nanga nditani?"

"Mayi, takulandirani. Chavuta n'chiyani?"

Anandiyang'ana kaye asanayankhe. "Aa, bambo, ndinu akwathu?"

Anabwera kudzathandiza mwana wawo amene anali atangotuluka chikuta, ndipo tsikulo amakaona abale ku Manchester. Sitima yolembedwa patikiti yawo inali itapita. Iwo ankaganiza kuti Advance ndiye kuti walipiriratu, choncho akhoza kukwera yotsatira. Kuganiza kwawo kunali kwanzeru ndithu, koma lamulo la njanji silitero. Akanakwera, woyendera matikiti akanatha kuwalipitsa chindapusa, chomwe kuyambira Januwale 2023 ndi mapaundi 100 kuphatikizapo mtengo wa ulendowo.

Ndinapepesa kaye ndisanawafunse zaka zawo, pajatu kwathu munthu wamkulu safunsidwa zaka mwachisawawa. Anali atapitirira 60. Ndi pasipoti yawo tinawagulira Senior Railcard, khadi imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo kwa chaka chonse, kenako tikiti ya Off-Peak return. Achinyamata ali ndi yawo, 16-25 Railcard. Ana a zaka 5 mpaka 15 amalipira theka, ochepera pamenepo amakwera ulere. Makina ogulitsa matikiti oima pakhomo la siteshoni sakufunsani zonsezi. Amangokupatsani chimene mwadina.

Amene amapita kuntchito tsiku ndi tsiku ndimawauza za season ticket, ya sabata, ya mwezi kapena ya chaka. Ya chaka mumalipira ngati masabata 40 koma n'kuyenda nayo masabata 52. Mu London momwemo nkhani ndi ina: mabasi anasiya kulandira ndalama m'manja mu Julaye 2014, ndiye mumagunditsa khadi ya Oyster kapena ya kubanki. M'basi mumagunditsa pokwera pokha, koma pasitima zapansi panthaka mumagunditsa polowa ndi potuluka, apo ayi akudulani ndalama zambiri.

Mu 2023 panabwera maganizo otseka maofesi ambiri a matikiti ku England. Anthu anakana mwamphamvu, makamaka okalamba ndi aulumali, mpaka boma linawasiya maganizowo mu Okutobala chaka chomwecho. Ndinasangalala, ndikukumbukira mayi aja ndi ena ambiri onga iwo.

Abale anga obwera kumene, musachite manyazi pawindo. Tchulani tsiku, nthawi, tsiku lobwerera ndi zaka zanu, ndipo musanachokepo werengani liwu losonyeza mtundu wa tikiti yanu. Ngati ndi Advance, fikani pasiteshoni nthawi ikadalipo.