Kalata kwa mdzukulu wanga wa ku Chilobwe

Phalombe,
November 2023

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwinoko, iweyo, bambo a kunyumba ndi kamtsikana kaja. Ife kuno tilipo, tikungodikira mvula yobzalira. Amalume ako atabwerako ku Blantyre anandifotokozera zonse: kuti mukadali m'chipinda chimodzi cha lendi, kuti mitambo ikangoda iwe tulo timatha, ndiponso kuti chichokere mwezi wa March sunapondenso pakhomo la tchalitchi. Akuti unawafunsa kuti Mulungu anali kuti usiku umene matope a m'phiri la Soche anakokolola nyumba yanu pamodzi ndi mwana wako wachisamba. Iwo amayesa kuti ndikamva zimenezi ndikukalipira. Ayi, mwanawe, sindingakukalipire. Pa foni mawu amathamanga ndipo mayunitsi sachedwa kutha, n'chifukwa chake ndasankha kulemba kuti uziwerenga pang'onopang'ono, nthawi imene mtima wako walola.

Iwe unali usanabadwe pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi mu March 1991. Mvula inagwa osalekeza, kenaka kunamveka kugunda kwakukulu kuchokera kuphiri, nthaka n'kumanjenjemera. Madzi anabwera ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndipo pamene panali midzi panasanduka bwalo la matope ndi miyala. Anthu mazanamazana anafa. Mmodzi mwa iwo anali mlongo wanga, amene amanditsatira pobadwa. Tinakumba ndi makasu, ena ndi manja, zikhadabo mpaka kuthothoka. Tinafukula mpoto, chitseko, nsapato ya mwana, koma iye sitinamupeze mpaka lero. Choncho ndikamva kuti mwana wako sanapezeke, sindikumva ngati nkhani ya pa wailesi. Fungo la matope aja ndikulidziwa, ndipo ndikudziwa mmene mtima umadumphira ukaona munthu patali woyenda ngati iyeyo.

Pali mawu amene anthu anandiuza nthawi imeneyo, amene ndikudziwa kuti nawenso akukuuza. Ena amati ndi chilango, anthu a m'tauni machimo anachuluka. Ena amati m'banja mwanu muli tsoka lofunika kulidula, ndiye bwera ndi chopereka kapena ugule madzi odalitsidwa. Usawalole anthu otere kukhala pamphasa pako, ndipo ndalama yako yogulira ufa usawapatse. Tsegula Luka mutu 13. Kumeneko Ambuye Yesu akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha, ndipo akukanitsitsa zoti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo otsala mu Yerusalemu. Ngati mwini wake anakana kuwerenga ngozi ngati chiweruzo pa ophedwawo, ndani wa ku Chilobwe kapena kuno ku Phalombe amene angamupose nzeru? Namondwe wa Freddy anayenda pa nyanja yamchere kwa milungu yoposa isanu, anawononga ku Madagascar, analowa ku Mozambique kawiri, asanafike kwa ife. Kuno ku Malawi anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ku Ntauchira ku Chiradzulu mudzi unakwiririka, ku Nkhulambe kuno kwathu chimodzimodzi, ku Mulanje osanena. Mwa anthu amenewo munali makanda, munali amayi a Mvano, munali akulu a mpingo. Phiri lopanda mitengo likamwa madzi a masiku angapo limatsetsereka, ndipo silifunsa kuti m'munsimu mukugona woyera mtima kapena chidakwa. Inu munamanga pamtsetsepo chifukwa ndi pamene ndalama zanu zinakwanira, osati chifukwa munalakwira Mulungu.

Za manda. Ndikudziwa kuti chimene chikukudya kwambiri n'chakuti ulibe poloza kuti mwana wanga wagona apa. Ife mtundu wathu maliro timawaona, timasambitsa, timaperekeza, timakwirira, kenaka mtima umayamba kuvomera. Popanda zimenezo mtima umangoyendayenda. Ine chimene chinandigwira dzanja ndi mutu womaliza wa Deuteronomo. Mose, munthu amene anayankhulana ndi Mulungu, anafera m'dziko la Moabu, ndipo Aisraele sanadziwe pamene anayikidwa. Abale ake analibe poloza, koma Mulungu ankadziwa malowo. Ndipo m'buku la Chivumbulutso mutu 20 timamva kuti tsiku lomaliza ngakhale nyanja idzabweza akufa ake. Ngati nyanja idzabweza, matope a Soche ndi miyala ya Michesi sizidzakana. Mwana wako wasowa kwa ife, koma kwa amene anamuumba m'mimba mwako sanasowe. Ichi sindikunena kuti ndikutonthoze chabe. Ndi chimene ndachikhulupirira zaka zonsezi za mlongo wanga, ndipo ndidzafa nacho.

Akuti ukagwada mawu sabwera, ndipo akabwera amakhala aukali. Apereke omwewo. Ambirife tinakula tikuganiza kuti pemphero liyenera kuvala bwino ngati munthu wopita ku Mgonero, koma Buku Lopatulika silitero. Werenga Salmo 88. Wolembayo akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akuti Mulungu wamutaya, abwenzi amuthawa, ndipo salmolo likutha muli mdima, osatembenuka n'kuyamba kuyamika monga achitira masalmo ena. Komabe analisunga m'Buku, ndipo timaliwerenga m'tchalitchi. Marita ndi Mariya, mlongo wawo Lazaro atamwalira, anamuuza Yesu pamaso kuti wachedwa. Sanawadzudzule, anapita nawo kumanda n'kulira. Munthu amene akukangana ndi Mulungu ndiye kuti sanamusiye, pakuti sungakangane ndi munthu amene wamufufuta mumtima. Ine itatha ngozi ya 1991 ndinkapita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo, anzanga akuyimba ine pakamwa tsekee. Sindinkamva kalikonse. Nyimbo za anzangazo ndi zimene zinandinyamula mpaka mawu anga anabwerera.

Tsono funso lako lija, lakuti anali kuti. Chifukwa chimene analolera kuti mwana wosalakwa apite chotero, yankho lake lili ndi Iye yekha, ndipo aliyense amene angakuuze kuti akulidziwa akukunamiza. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osayankhula, anadzalakwa atayamba kufotokoza. Koma zoti Mulungu amapezeka bwanji kwa munthu wosweka mtima, zimenezo ndingakuuze, chifukwa ndinaziona.

Mneneri Eliya, pa 1 Mafumu mutu 19, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mulungu sanamulalikire. Anamulola kugona, kenaka mngelo anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi madzi. Anagonanso, anamudzutsanso kuti adye. Zoyankhulana zinabwera pambuyo, paphiri la Horebu, ndipo kumeneko Mulungu sanapezeke m'mphepo yong'amba mapiri, kapena m'chivomezi, kapena m'moto. Ine zinandichitikira chimodzimodzi. Panali mayi wina wa Mvano, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake, amene ankabwera m'mamawa uliwonse. Sankatsegula Baibulo. Ankasesa pabwalo, kukoleza moto, kuphika phala la mgaiwa, n'kundiyikira supuni m'manja, osachoka mpaka nditamaliza. Nthawi imeneyo ndinkangoona mayi wa phala. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira amene ankamutuma.

Iwenso taganiza bwino. Ndani anakukoka m'matope usiku uja, mvula ikukhuthuka, magetsi atazima? Anyamata a m'dera lanu amene anakumba ndi makasu ndi mafosholo, ena atataya abale awo omwe, mphamvu anazitenga kuti? Amene anakufunditsa chitenje chake kumsasa wa pasukulu paja, iye n'kugona wopanda chofunda, anamutuma ndani? Sindikuti zimenezi zikulipira imfa ya mwana wako, palibe chingalipire. Ndikuti Mulungu amene timamupembedza ndi amene Mwana wake anafa pamtanda akufuula kuti wasiyidwa, ndipo malo ake pa tsiku la tsoka amakhala pansi pomwepo, pamodzi ndi olira ndi okumba. Kumumva mumtima n'chinthu chimene chimabwera ndi kupita. Dzuwa likabisika ndi mitambo ya Chiperoni masiku atatu sitinena kuti lachoka kumwamba. Iwe usadzivutitse kuti umumve. Idya, gona, samba, lola anthu akuthandize.

Bambo a kunyumbawo usawaiwale. Amuna ambiri amalira chamumtima, ndipo ukaona akhala chete kapena akuchedwa kubwera usafulumire kunena kuti sizikuwakhudza. Ndaona mabanja amene anapulumuka madzi koma n'kutha chifukwa cholozana zala, wina kumati ukanamunyamula, wina kumati ndiwe unasankha malo aja. Mawu amenewo asatuluke pakamwa panu. Kamtsikanako nakonso kanataya mchimwene wake, ndipo kamayang'ana nkhope yako kuti kadziwe ngati dziko likadali malo okhalamo. Kakafunsa za iye, kayankhe zoona, mutchule dzina lake, mulire limodzi. Ndipo ngati kusagona ndi kunjenjemerako kukupitirira, pita kuchipatala ukafotokoze. Alipo anthu ophunzira za matenda a nkhawa, ndipo kupita kwa iwo si kuchepa kwa chikhulupiriro, monganso kumwa mankhwala a malungo si kukana Mulungu.

Ndamva kuti ena ayambanso kuumba njerwa pamalo pomwe paja, akuti Mulungu adzatiteteza. Inu musabwererepo. Ambuye Yesu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, ngakhale woyesayo anamuwerengera malemba. Chipinda cha lendi n'chopanikiza, ndikudziwa, makamaka pano pamene kwacha yagwa ndi 44 peresenti ndipo mtengo wa chilichonse wakwera, koma pirirani momwemo. A zanyengo akachenjeza pa wailesi, mverani, ndipo mudziwiretu kumene mungathawire usiku.

Chiyembekezo chimene ndikufuna ukhale nacho n'cha mneneri Yeremiya pa mutu 32. Asilikali a Nebukadinezara anali atazinga Yerusalemu, iye mwini ali m'ndende m'bwalo la alonda, akudziwa bwino kuti mzindawo ugwa. Nthawi yomweyo m'bale wake Hanameli anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Munthu wanzeru za dziko akanakana, koma Yeremiya anayeza masekeli 17 a siliva, analemba kalata ya umwini pamaso pa mboni, nalamula kuti ayisunge mu mbiya kuti ikhalitse. Sanagule chifukwa mtima wake unali wokondwa, pajatu ndi mneneri amene timamudziwa ndi misozi. Anagula chifukwa Mulungu anali atalonjeza kuti m'dzikomo anthu adzagulanso minda ndi nyumba. Ife kuno mvula yotsatira ya 1991 itagwa tinabzala pakati pa miyala, tikulira, ndipo tinakolola.

N'chifukwa chake ndakusungira ndime ya kumunsi kwa mtengo wa mango ija. Amalume ako agalauza kale, mizere ili chire. Mbewu ya chimanga ndi ya nandolo ndasunga yokwanira, manyowa a mbuzi aliponso poti feteleza chaka chino ndi wa anthu a ndalama. Mvula ikangogwa yokwanira, kwera minibasi ku Limbe ubwere ndi mwanayo, ngakhale masiku atatu okha, tidzabzale limodzi. Ndayankhula ndi abusa athu, ndipo avomera kuti ukabwera tidzachite mapemphero okumbukira mwana wako pakhomo pano, monga tinachitira ndi mlongo wanga, kuti abale asonkhane, dzina lake litchulidwe, ndipo iwe upepesedwe monga apepesedwera mayi aliyense woferedwa. Ngati bambo ake angapeze mpata kuntchito, abwere nawo. Ndalama ya ulendo ndapatsira amalume ako, adzakutumizira pa foni.

Upereke moni kwa apongozi ako ndi kwa mayi uja anakusungani masiku oyamba aja. Umuuze kuti agogo a ku Phalombe akuthokoza, ndipo nandolo akacha adzalandira gawo lake. Dzina lako ndimalitchula m'pemphero m'mawa ndi madzulo, ndipo ndipitiriza kukupempherera mpaka udzayambenso wekha.

Ndine agogo ako okukonda,
Anganga a ku Phalombe