Mzere wa beni m'makomboni a ku Goromonzi

Basi yochokera ku Blantyre ikadutsa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete ndi chipata cha Nyamapanda, imapyola Mutoko ndi Murewa n'kulowa m'boma la Goromonzi, m'chigawo cha Mashonaland East. Pofika pa Juru okwera amayamba kusonkhanitsa katundu, poti Harare wayandikira. Ambiri sadziwa kuti kuseri kwa mitengo ya bulugama ndi zigafa za fodya kuli makomboni kumene agogo ena amalonjerana m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Njira imeneyi ndiyo idabweretsa ambiri mwa makolo awo. Ena adayenda pansi, ena adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1946. Adagwira ntchito m'mafamu a azungu cha ku Bromley ndi Melfort, ndiponso pa mgodi wa golide wa Arcturus. Kwawo adatchedwa machona. Ashona adawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Pa katundu amene adabwera naye padali magule. Gule Wamkulu ndiye wotchuka, koma padalinso beni, gule wa mizere wokondedwa kwambiri ndi Ayao. Beni adayambira m'mizinda ya kugombe la nyanja ya mchere monga Mombasa ndi Lamu m'zaka za m'ma 1890, potsanzira perete wa asilikali a atsamunda. Adafalikira ku Nyasaland makamaka nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a Keyala atabwerera kumudzi. Ku Zimbabwe amadziwika kuti Beni Arinoti, dzina la limodzi mwa magulu akale amene ankapikisana.

Beni saphunziridwa kumbali. Mwana amayambira kumapeto kwa mzere, maso ali pa mapazi a wamtsogolo wake. Choyamba ndi kuponda pamodzi ndi ng'oma. Chachiwiri ndi kumva kherere wa mtsogoleri, pakuti ndiye amalamula kutembenuka, kuima ndi kusintha sitepe. Chachitatu, chimene chimavuta koposa, ndi kusunga malo: kudziwa amene ali kumanja ndi kumanzere, ndi mpata woyenera kusiya pakati. Mmodzi akatembenukira kolakwika, mzere wonse umapindika. Yunifolomu ndi maudindo a usilikali zimabwera pambuyo, mapazi atakhwima.

Gule wotere ali ndi msuwani wake kutali. Blantyre wa ku Malawi adatenga dzina ku tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira, ndipo anthu a kumeneko ali ndi magule awo a mizere, ena mwa iwo otchedwa jig. Kawirikawiri amuna anayi ndi akazi anayi amaima moyang'anana. Awiri a kumutu amayamba, kupatsana manja ndi anzawo ndi kuzungulira motsata ndondomeko yake, kenaka amatsika malo, kufikira awiri aliwonse atalawako kutsogolera. Mphunzitsi amayamba wawayendetsa pang'onopang'ono popanda nyimbo, kuti aliyense adziwe kumene akupita. Pofika 1923 magule amenewa adali akuiwalika, choncho Jean Milligan ndi Ysobel Stewart adayambitsa bungwe mumzinda wa Glasgow, nafunsa okalamba, nafufuza m'mabuku akale, nalemba kavinidwe ka gule aliyense. Lero amavinidwa m'maiko ambiri.

Ku Goromonzi kavinidwe ka beni kadasungidwa m'mapazi a anthu, ndipo sukulu yake idali bwalo la pa komboni. Kugawidwa kwa malo kumene kudayamba m'chaka cha 2000 kudapatsa minda mabanja ambiri amene adalibe pogwira, koma antchito a m'mafamu amene adalandirako adali ochepa. Ambiri ntchito idawathera. Ena adatsala m'nyumba zakale nayamba kudalira maganyu, ena adasamukira ku Epworth, ku Ruwa ndi ku Caledonia. Lamulo la unzika la 2001 lidawonjezera mavuto, pakuti ana obadwira konko adayesedwa alendo chifukwa cha kumene makolo awo adachokera. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali la m'maiko a SADC, ngakhale ena zitupa zikuwavutabe kupeza. Koma lamulo silibweza woimba ng'oma amene adapita kum'mawa pamene mwini kherere adapita kumadzulo.

Chotayika si chisangalalo chokha. Kuyambira kale magulu a beni ankasonkherana ndalama pa matenda ndi pa maliro, ndipo kwa munthu wopanda mudzi pafupi, gulu ndilo lidali mbumba. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu pamodzi ndi Mbende Jerusarema wa ku Murewa, boma loyandikana ndi Goromonzi. Beni sali pa mndandanda umenewo. Bwalo lalikulu limene amaonekerapo ndi mpikisano wa Chibuku Neshamwari, umene udayamba mu 1963.

Apa pali ntchito imene alangizi ndi makalabu a alimi angaithe popanda thumba la ndalama. Mlangizi wofuna kufikira mabanja a m'makomboni pa nkhani ya zitupa, ya thanzi kapena ya ulimi, ayambe wafunsa amene amasunga ng'oma, chifukwa iyeyo akaitana anthu amabwera. Foni ya m'manja ikhoza kujambula gogo akuyenda sitepe imodziimodzi, akutchula dzina lake ndi tanthauzo la kulira kulikonse kwa kherere. Sukulu ikhoza kubwereketsa bwalo Loweruka masana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo beni naye amafuna anthu okwanira mzere, kuphatikizapo mwana wa kumapeto amene akuphunzira kuponda.